Wekishopu ya utsogoleri ku Mangochi: tsiku limodzi lokha ndi limene linabweza ndalama

Ndadikira dala miyezi isanu ndisanalembe izi. Munthu ukangochoka kumene ku wekishopu yakunyanja umakhala ukadali ndi fungo la chambo m'manja, chilichonse umangoyamikira. Pano fungolo linatha, satifiketi ili m'kabati pansi pa malipoti a sukulu a ana, ndiye ndikhoza kunena mmene zinalili.

Ndine supavaiza wa gawo lolongedza katundu pa kampani ina yopanga zakudya ku Makata, mu Blantyre muno. Ndinalowa ngati wolongedza wamba zaka 14 zapitazo, lero ndimayang'anira anthu 26 m'mashifiti awiri. Usupavaizawu palibe anandiphunzitsa. Anandiitana muofesi Lachisanu, n'kundipatsa makiyi ndi buku la maina, pofika Lolemba anzanga amene ndinkadya nawo chiwaya pageti anayamba kunditchula kuti "abwana" uku akutsinana. Chaka chatha atsikana awiri a m'gawo langa anasiya ntchito mwezi umodzi osanena chifukwa chenicheni. A HR, a ku ofesi yoona za antchito, atafunsafunsa anati masupavaiza tikufunika maphunziro, ndipo ine ndi mnzanga wa ku gawo la makina anatilembetsa ku maphunziro a masiku atatu a utsogoleri ndi kumanga malo antchito osasala munthu. Ochititsa ake ndi kampani ina ya ku Lilongwe yophunzitsa mabwana. Dzina lawo ndilisunga, chifukwa zina zimene ndinene pano si zowakomera, komanso ndikudziwa kuti makampani oterewa amachita zinthu mofananirako.

Tinalipo anthu 22: a kubanki, a m'mabungwe, a kumaesiteti a tiyi ku Thyolo, ndi ife a m'mafakitale. Hotelo inali m'mbali mwa nyanja, mwezi wa Okotobala, dzuwa loti ukaponda mchenga opanda nsapato umavina osafuna.

Chinthu choyamba chimene ndinaona sichinali pa pulogalamu. Holo yathu inali pamwamba, yokwera ndi masitepe. Pakati pathu panali achimwene ena owerengera ndalama ku bungwe lina, amene amayenda pa njinga ya anthu aulumali. Pa fomu yolembetsera panali funso loti ngati uli ndi zosowa zapadera ulembe, iwo analemba, koma zikuoneka kuti fomuyo palibe anaiwerenga. Anyamata awiri a pahotelo anawanyamula ndi njinga yomwe, wina kutsogolo wina kumbuyo, thukuta lili kamukamu, ife enafe tikunamizira kufunafuna zinthu m'zikwama kuti tisayang'ane. Pamwamba pa masitepewo anapachikapo chinsalu chachikulu cholembedwa m'Chingerezi kuti pantchito pasapezeke wotsalira m'mbuyo. Nthawi ya tiyi ndinaona kuti achimwenewo sanamwe kanthu, ngakhale madzi, kutentha konse kuja. Nditawafunsa anaseka n'kunena chapansipansi kuti, "Achemwali, zimbudzi zili pansi. Anthu awa asandinyamule kanayi." Ochititsa maphunzirowo anapepesa, inde, koma holo anaisintha mawa lake. Tsiku lonse loyamba munthu wamkulu, wolipira ndalama zofanana ndi ife, anakhala ndi ludzu pa maphunziro ophunzitsa kusasala anthu.

Tsiku loyambalo linali la bambo wina wa suti, wolankhula Chingerezi chosalala, wodziwa kuseketsa anthu. Sindikuti sadziwa ntchito yake. Koma zimene anatipatsa zinali ngati chovala cha pakaunjika chimene sanachibweze kwa telala. Anatiyankhitsa mafunso ambirimbiri kenako n'kutigawa m'mitundu inayi, ofiira, achikasu, obiriwira ndi abuluu, aliyense malinga ndi khalidwe lake. Ine ndinapezeka wofiira, kutanthauza kuti ndimafulumira ndipo sindimvera anthu mpaka kumapeto. Zimenezo amuna anga akanandiuza mwaulere. Kenako mavidiyo a ku America, a maofesi a magalasi okhaokha, momwe wantchito amaitana mwini kampani ndi dzina lake loyamba n'kumutsutsa pagulu. Bamboyo anatilimbikitsa kuti nafenso tizichita choncho, tiziuza anthu athu kuti chitseko cha ofesi yathu n'chotsegula nthawi zonse. Madala ena a ku Thyolo, amene anakhala duu m'mawa wonse, anakweza dzanja n'kunena m'Chichewa kuti, "Achimwene, kwathu wantchito akanditchula dzina langa loyamba, anzake amufunsa ngati wapeza kale ntchito kwina." Holo yonse inafa ndi phwete. Mphunzitsiyo anaseka nawo n'kupitiriza masilaidi ake, osaona kuti madalawo amupatsa phunziro lenileni la tsikulo. Kuno munthu amakupatsa pepala atagwira mkono ndi dzanja lina, mawondo atapinda pang'ono. Chitseko ukhoza kuchitsegula mpaka kuchizula, iyeyo salowa. Funso limene ndinkafuna litayankhidwa ndi lakuti munthu woleredwa kuti wamkulu sayankhidwa ungamumve bwanji maganizo ake popanda kumuvula ulemu wakewo. Tsiku limenelo palibe analikhudza.

Madzulo ake ndinaimbira amuna anga kuti ndalama za kampani zapita m'madzi.

Tsiku lachiwiri kunabwera mayi wina wachikulire, wovala chitenje ndi mpango, amene anati anagwirapo ntchito ya HR m'mafakitale zaka zambiri. Tinali titatsikira mu holo ya pansi. Pulojekita sanayatse. Mawu awo oyamba anali akuti, "Lero aliyense alankhule chinenero chimene amakalipira nacho ana ake." Anthu anamasuka nthawi yomweyo, mpaka ena amene dzulo lake ndinkaganiza kuti ndi amanyazi anapezeka kuti ndi olongolola.

Anatulutsa kapepala ka nyemba m'chikwama n'kutigawira zitatuzitatu. Anaika mbale pakati pa tebulo n'kutipatsa nkhani yoti tikambirane: kampani ili ndi maoda ambiri a Khirisimasi, mashifiti tiwakonze bwanji? Lamulo linali limodzi, ukalankhula uponye nyemba imodzi m'mbale, zikakuthera ukhale chete. Pasanathe mphindi khumi, amuna asanu ndi ine nyemba zinali zitatithera. Enawo anali nazo zonse m'manja. Kunagwa bata loti ukanamva nyanja ikuwomba kunja. Ine ndinali ndi mfundo ina pakamwa, ikundiyabwa, koma nyemba ndinalibe. Patapita nthawi kamtsikana ka kubanki kanaponya nyemba yake, n'kufunsa ngati tinaganizirapo kuti shifiti yothera usiku amayi okhala kutali akafika bwanji kunyumba minibasi zitasiya kuyenda. Tonse olankhulalankhula aja palibe anaganizirako. Mayi aja sanalalikire. Anangonyamula mbale ija n'kuigwedeza kuti nyemba zilire, n'kutifunsa kuti kuntchito kwathu mbale imadzaza ndi nyemba za ndani.

Kenako anatilowetsa m'malamulo, ndipo apa ndi pamene ndinayamba kulemba mpaka dzanja kuwawa. Ankabwerezabwereza kuti kusasala munthu pantchito si chifundo cha bwana, ndi lamulo. Employment Act ya chaka cha 2000 imaletsa kusala wantchito kapena wofuna ntchito chifukwa cha mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chinenero, chipembedzo, maganizo andale, ulumali, kukhala pabanja kapena ayi, ngakhale udindo wosamalira banja. Lamulo lomweli limati ntchito yolemera mofanana malipiro ake afanane, ndipo mayi ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, cholipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka zitatu. Mu 2021 anawonjezeramo tchuthi cha masabata awiri cha abambo mwana akabadwa. Amuna ambiri m'holomo anadabwa, ena anati akanadziwa kale. Anatiuzanso za Gender Equality Act ya 2013, imene imati polemba anthu ntchito m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 peresenti ndipo asapitirire 60 peresenti, komanso imati kuvutitsa munthu ndi zachiwerewere pantchito ndi mlandu wa chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu. Oyang'anira kuti lamuloli likutsatidwa ndi a Malawi Human Rights Commission. Anatikumbutsa kuti lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 sililola kukakamiza munthu kuyezetsa magazi kuti alembedwe ntchito, ndi kuti wantchito wolakwiridwa akhoza kutengera kampani ku Industrial Relations Court, kumene kukamba kuti "sindinkadziwa" sikupulumutsa munthu.

Ndinakhala chete pamenepo chifukwa ndinakumbukira mawu anga omwe. Kangapo konse a HR akamasankha olongedza atsopano ndinanenapo kuti atsikana ongokwatiwa kumene asawatenge, atenga mimba chaka chomwecho n'kundisiyira mpata pa laini. Ine mayi wa ana atatu, amene ndinalongedzapo makatoni ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinkaziona ngati nzeru za ntchito, osadziwa kuti ndikuswa lamulo ndi pakamwa panga.

Koma chimene chinandilasa kwenikweni chinabwera titadya nkhomaliro. Anatiuza kuti aliyense alembe maina a anthu khumi omaliza amene anawapatsa ovataimu, kapena kuwatumiza ku maphunziro, kapena kuwasiyira udindo iye atachokapo. Pambali pa dzina lililonse tilembe kuti munthuyo timadziwana naye bwanji kunja kwa ntchito. Anati pepalalo sationetsa aliyense, ndi lathu. Langa linatuluka chonchi: mwa anthu khumi, asanu ndi awiri anali a mpingo wanga kapena a kwathu ku Mulanje. Msilamu panalibe ndi mmodzi yemwe, chonsecho m'gawo langa alimo asanu. Ndinadzifunsa kuti kodi ndimadana nawo? Ayi ndithu. Nditaganiza bwino ndinapeza pamene panagona nkhani. Ovataimu ya Loweruka ndimaigawa Lachisanu masana, nthawi imene iwo amakhala atathamangira ku mzikiti. Pobwera amapeza maina atadzaza. Panalibenso dzina la mnyamata wina wosamva amene ndi wolongedza waliwiro kuposa tonse, chifukwa ovataimu ndimailengeza mokuwa pakati pa phokoso la makina, ofuna akweze manja. Iye amangoona manja ali m'mwamba osadziwa kuti akukwezera chiyani. Zaka zonsezi nkhani ya "wakwathu" ndinkaiona ngati matenda a andale ndi mabwana akuluakulu. Sindinaganizepo kuti ili m'buku langa la ovataimu, yolembedwa ndi dzanja langa.

Chomaliza cha tsikulo chinali sewero. Wina anakhala mtsikana wobwera kudzadandaula kuti woyendetsa makina amamugwiragwira akamadutsa, ine ndinakhala supavaiza. Mayi aja anawonjezera kuti woyendetsa makinayo ndi katswiri amene kampani singafune kumutaya, ndiponso ndi mnzanga. Ndinachita zimene ndikanachita kuntchito. Ndinati, "Mwana wanga, mwina amangocheza, ndikamulankhula, iwenso uzimupewa." Kenako ndinati ndimusinthe shifiti mtsikanayo kuti asamakumane. Mayiwo anandifunsa modekha kuti, "Ndiye wolangidwa ndi ndani pamenepa, mayi?" Anatiyendetsa pang'onopang'ono mmene zimayenera kukhalira. Munthu wotere usamumvere pa ofesi ya magalasi pomwe laini yonse ikuona. Usathamangire kuitana wodandaulidwayo kuti ayang'anizane pomwepo ngati mlandu wa mbuzi kwa amfumu. Lemba mawu ake mmene wawanenera, umuwerengere, umufunse chimene akufuna chichitike, umuuze mosabisa amene adziwe nkhaniyo ndi tsiku limene amve yankho. Ndipo kampani ikhale ndi njira zingapo zodandaulira, chifukwa nthawi zina wovutitsayo amakhala supavaiza yemweyo. Usiku umenewo tulo sindinatione bwino. Ndinkangoganiza za atsikana awiri aja, makamaka mmodzi amene anabwerapo pa tebulo langa n'kuima kanthawi, ine n'kumuuza kuti abwere mawa ndili ndi malipoti.

Tsiku lachitatu silikufuna mawu ambiri. Anabweranso bambo wa suti uja, tinadzaza fomu ya zimene tikachite tikabwerera, tinajambulitsa chithunzi cha gulu, masatifiketi, basi. Pofika 12 koloko theka la anthu maganizo anali pa nsomba zogula pamsewu ndi ma alawansi. Tsikuli linalembedwa pa invoisi ngati tsiku lathunthu.

Za chakudya ndi pogona ndilibe dandaulo. Chambo chinali chenicheni, nsima yosapola, chipinda choyera, magetsi akathima jenereta imayaka msanga. Koma sitinapitire zimenezo, ndipo ndikukhulupirira kuti mbali yaikulu ya ndalama inathera pomwepo. Zimene kampani inalipira pa ine ndekha, ndikaphatikiza ulendo ndi malo ogona, zikanalipira wolongedza mmodzi miyezi ingapo.

Pali zinthu zimene zinasowa zoti sindingazikhululukire pa mtengo umenewo. Mwa aphunzitsi panalibe munthu waulumali, panalibe wotanthauzira chinenero cha manja, ndipo nkhani ya ulumali inangopatsidwa masilaidi ochepa otchula kuti kunali lamulo la 2012 limene linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Chonsecho mabungwe a eniake alipo, FEDOMA yosonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali, MANAD ya anthu osamva, APAM ya anthu achialubino, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bwanji osaitana mmodzi adzalankhule yekha? Nkhani ya anthu achialubino inatuluka chifukwa mnzathu wina anaifunsa, n'kukumbutsa kuti mu 2021 a Overstone Kondowe, omwe ndi achialubino, anapambana upungu ku Nkhotakota North East, koma m'makampani ambiri munthu wachialubino akadali kumuika pa ntchito ya padzuwa popanda ngakhale chipewa. Mphunzitsiyo anati ndi mfundo yabwino, n'kupita pa silaidi ina. Za aganyu, alonda ndi okolopa, amene m'makampani ambiri amalembedwa kudzera ku kampani ina ndipo sadya nawo ngakhale m'kantini, palibe ananenapo. Buku limene anatipatsa ndi la Chingerezi chokhachokha, loti sindingapatse wothandizira wanga kuti awerenge.

China chachikulu: eni mphamvu kunalibe. Tonse 22 tinali apakati, anthu oti pamwamba amatikalipira, pansi amatidandaulira. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mitu imene inatumizidwa ku Mangochi si imene imasaina ndalama zomangira njira ya njinga pakhomo kapena zolembera wotanthauzira. Ndipo analonjeza kuti pakatha miyezi itatu adzaimbira aliyense kumva mmene zikuyendera. Foni imeneyo sinalire. Gulu la WhatsApp limene anatsegula linakhala sabata ziwiri likukamba za utsogoleri, pano ndi la zithunzi za mmawa wabwino ndi mayi wina wogulitsa mpunga wa kilombero.

Nditabwerera ndinayesa zingapo. Za nyemba zija ndinalakwitsa, ndinagwiritsa ntchito mtedza, ndipo msonkhano usanayambe anyamata anali atadya mavoti awo onse. Ndinazisiya. Chimene chagwira ndi chakuti pa msonkhano wa m'mawa ndimayamba ndawauza kuti akambirane awiriawiri kwa mphindi ziwiri, kenako aliyense anene zimene mnzake wanena, ine ndimalankhula pomaliza. Munthu amene sangatsutse abwana ndi pakamwa pake amatha kunena kuti "mnzangayu akuti tepi yatsopanoyi ikumatuka." Ndi mmene ndinadziwira kuti makatoni amene ndinkakalipira anthu miyezi iwiri vuto lake linali tepi.

Ovataimu pano imalembedwa pa bolodi Lachinayi, ndipo imayenda motsatira mndandanda wa maina, wokana amadutsidwa mpaka ulendo wina. Asilamu tinagwirizana kuti Lachisanu azilowa msanga kuti masana akhale ndi nthawi yokwanira, a Seventh Day ovataimu yawo imagwa Lamlungu ikakhalapo. Izi sizinadye ndalama ya kampani ngakhale tambala. Zinadya ine. Amayi ena a kumpingo amene anazolowera kupeza kangachepe ka Loweruka lililonse anayamba kundipatsa moni wa m'mphuno, ndipo ndinamva kuti akuti usupavaiza wandilowa m'mutu chibwerere kunyanja. Zoterezi ku Mangochi sanatichenjeze, ndipo ndikanakonda akanapatula ngakhale ola limodzi pa nkhani ya mmene ungapirire anzako akakutembenukira chifukwa wasiya kuwakondera.

Ndiye kwa a HR kapena eni kampani amene mukuganiza zolipira maphunziro otere, maganizo anga ndi awa. Musagule masiku atatu akunyanja. Funsani kuti mwa aphunzitsi awo ndani anagwirapo ntchito ndi anthu onga anu, mumutenge ameneyo abwere kuntchito kwanu, m'kantini momwemo, aphunzitse m'Chichewa kapena chinenero chimene anthu anu amalankhula, ndipo bwana wamkulu akhale pa benchi limodzi ndi masupavaiza, nayenso alembe maina ake khumi aja. Musanasaine funsani amene amawerenga mafomu olembetsera, funsani ngati holo ili pansi, ndipo gawo lina la ndalama mulisunge mpaka atabweranso patatha miyezi itatu. Mayi a nyemba aja ndikanawapatsa zisanu pa zisanu. Phukusi lonse ndilipatsa ziwiri ndi theka.

Mnyamata wosamva uja tsopano ali ndi kabolodi koyera pafupi ndi malo ake, ndimalembapo zonse zimene ndalengeza, ndipo Lachitatu lililonse amatiphunzitsa zizindikiro ziwiri kapena zitatu za manja tisanayambe ntchito. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi belu la moto, chifukwa likalira iye salimva. Ndinalemba memo yopempha getsi lothwanima loti liziyaka limodzi ndi belulo, ndalembanso kachiwiri, sabata yatha ndapereka yachitatu. Nditatsika kuchokera ku ofesi anandiyang'ana mondifunsa, ine ndinalemba pa kabolodi yankho limene anandipatsa kumwambako. Anawerenga, anaseka, kenako anandigwira dzanja n'kundionetsa mmene amanenera "mawa" m'chinenero cha manja.